Ndinakwirira mapesi, tirigu wachita chikasu: kodi ndibwerere ku moto?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wolima tirigu kumapiri a Tsangano, m'boma la Ntcheu. Alemba motere:

"Zikomo alangizi. Ndalima tirigu zaka zambiri, ndipo chizolowezi chathu kuno n'kutentha mapesi tikamaliza kupuntha. Chaka chatha ndinamva pa wailesi kuti moto umapha nthaka, ndiye ndinasunga mapesi onse a maekala anga awiri pansi pa chisakasa kuti asanyowe. M'mwezi wa Malichi ndinawatuta pa ngolo n'kukawakwirira pa munda wa theka la ekala, pamodzi ndi mapesi a chimanga chomwe tinagulitsa chachiwisi. Patatha masabata awiri ndinafesa. Tirigu wamera mwa apo ndi apo, ndipo womerayo ndi wachikasu, wonyozoloka. Mnzanga wa munda woyandikana nane anatentha monga mwa masiku onse, wake ali biriwiri. Mayi a kunyumba akuti ndataya mbewu chifukwa chomvera wailesi. Kodi ndawononga munda? Ndibwerere ku moto?"

Bambo, khazikani mtima pansi, munda simunawononge. Zimene mwaonazo ndaziona kambirimbiri m'zaka zomwe ndayenda m'minda ya anthu, ndipo pafupifupi aliyense amene amasiya moto n'kuyamba kukwirira mapesi amapunthwa pa mwala womwewu chaka choyamba. A pa wailesi sananame, koma anakuuzani theka la nkhani. Theka linalo ndi la nthawi yokwiririra, chinyontho, ndi kuchuluka kwa mapesiwo. Mayi a kunyumba nawonso ali ndi mfundo, chifukwa zokolola za chaka chino zitsikadi. Chomwe ndikukana n'choti mankhwala ake ndi machesi.

Ndiyambe ndi chikasucho. Mapesi saola okha. Amaoletsedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, pamodzi ndi nkhungu za m'nthaka. Tizilomboti timadya monga timadyera ife: nsima ndi ndiwo. Nsima yawo ndi kaboni, yemwe ndiye thupi lenileni la phesi, ndipo ndiwo yawo ndi nayitirojeni, mchere uja timagula m'thumba la yureya. Kuti tidye bwino timafuna pafupifupi magawo 24 a kaboni pa gawo limodzi la nayitirojeni. Tsono phesi la tirigu lili ndi magawo pafupifupi 80 pa limodzi, la chimanga louma pafupifupi 60 pa limodzi. Ndiye kuti munaphikira alendo nsima yodzaza mtanga, ndiwo kambale kamodzi. Mlendo wanjala sasiya nsima chifukwa ndiwo yatha, amatambasula dzanja n'kutapa m'mbale ya mwana wa pakhomo. Mwana wa pakhomoyo ndiye tirigu wanu. Nayitirojeni amene anali m'nthaka, ngakhalenso wa mu feteleza wokulitsa ngati munathira, tizilomboti tinayamba kumutenga ndito, chifukwa tili paliponse m'dothi pamene mizu ya tirigu wa masabata awiri ndi yaifupi ngati chala.

Chosangalatsa n'chakuti nayitirojeni ameneyu sanathawe m'munda. Ali m'matupi a tizilomboto, ndipo mapesi akatha, nato n'kufa, adzabwerera m'nthaka. Ndi ngongole yomwe imabwezedwa ndithu, kungoti wobwezayo amabwera mochedwa. Pa nthaka yofunda ndi yonyowa njalayi imatenga masabata anayi mpaka asanu ndi atatu, koma kwanuko kuyambira Epulo kumazizira ndipo mvula imakhala ikutsanzika, choncho kuola kumayenda ngati nkhono. Tirigu amafuna chakudya chake m'masabata oyambirira, pamene akuphuka ana ndi kupanga ngala m'kati mwa phesi. Ngongole ikabwezedwa mu Julayi, iye wadutsa kale.

Pali zinthu zitatu zomwe zinakumana pa munda wanu, ndipo chachikulu ndi chisakasa chija. Munasamalira mapesi ngati chimanga cha m'nkhokwe, kuwatchinjiriza ku mvula kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene miyezi imeneyo ndiyo inali yoti aole. Mukanawasiya pamtetete, kapena kuwakwirira ndi mvula yoyamba, bwenzi pofika Malichi atasanduka zinyenyeswa zakuda. Chachiwiri ndi masabata awiri aja, omwe anachititsa kuti mbewu imere pa nthawi yeniyeni imene tizilombo tinali pa phwando. Chachitatu ndi muyeso. Tirigu amapereka mapesi olemera mofanana ndi njere zake, kapena kuposerapo ndi theka. Tiyerekeze kuti ekala imakupatsani matumba 10 a makilogalamu 50. Maekala awiri ndi tani imodzi ya tirigu, ndiye mapesi ake ndi tani imodzi mpaka tani ndi theka. Zonsezo munazitsanulira pa theka la ekala, kutanthauza kuti dothi linalandira katundu wowirikiza kanayi poyerekeza ndi amene likanabala lokha, osawerengera mapesi a chimanga aja.

Nanga mnzanuyo, bwanji wake ali biriwiri? Chifukwa m'munda mwake mulibe wolimbirana naye mbale, ndiponso phulusa limapereka mchere wa potaziyamu wosavuta kuyamwa ndi kuchepetsako pang'ono asidi wa pamwamba pa nthaka. Sindikubisirani, moto uli ndi phindu lake la msanga, n'chifukwa chake makolo athu sanali opusa poukonda. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu tani imodzi ya mapesi a tirigu muli pafupifupi makilogalamu 5 a nayitirojeni, 10 a potaziyamu, ndi kaboni woposa makilogalamu 400. Moto umauluza pafupifupi kaboni yense ndi nayitirojeni yense, ndi gawo lalikulu la salufa. Chotsala ndi phulusa, lomwe pa mtsetse wa ku Tsangano mphepo ya Okutobala ndi mvula yoyamba zimalikokolera kumtsinje. Munda wotenthedwa chaka ndi chaka sufa tsiku limodzi. Umangoyamba kuuma mutu: khasu limadumpha, mvula ikagwa madzi amathamanga pamwamba, ndipo mwini wake amadandaula kuti feteleza wa masiku ano ndi wopanda mphamvu.

Tsono za kumera mwa apo ndi apo, imeneyo ndi nkhani ina, si ya njala ayi. Njere ya tirigu ndi yaing'ono, imafuna kukhudzana ndi dothi lonyowa mbali zonse pa kuya kwa masentimita atatu mpaka asanu. Ikagwera pa mtolo wa mapesi imakhala ngati yagona pa mphasa yolenjekeka: pansi mphako, madzi a pansi sakwera, kamuzu kakatuluka kamauma. Ndikukumbuka munda wina kumapiri komweko, mwini wake ankalumbira kuti anamugulitsa mbewu yakufa. Tinatenga khasu n'kukumba pa dazi pamene sipanamere. Pansi pa dothi lokwana chikhatho tinapeza mapesi atagona bwinobwino ngati denga, oyera ngati omweta dzulo, ndipo pamwamba pake panali njere zomera kale, timizu tapiringizika n'kuuma. Titakumba cha kumunsi komwe madzi amadikha, mapesi anali akuda, oterera, akununkha ngati phala losasa. Mapesi akaola mopanda mpweya chonchi amatulutsa asidi wa mtundu wa viniga, yemwe amawotcha mizu yanthete. Mbewuyo inalibe mlandu.

Choncho musanagule chilichonse, tengani khasu mawa m'mawa mukakumbe malo atatu: pa dazi, pa tirigu wachikasu, ndi pamene pali pobiriwirako. Muone kuti mapesi ali pati, ndi ochuluka bwanji, ndipo dothi likakanyidwa m'manja likugwirana kapena likumwazika. Kenaka muyang'anitsitse masamba. Njala ya nayitirojeni imayambira m'masamba akale a pansi, kuchokera kunsonga, pamene tsamba latsopano la pamwamba limakhala lobiriwirako, chifukwa mbewu imasamutsa chakudya kuchoka kwa akulu kupatsa ana. Ngati achikasu ndi masamba atsopano, akale ali bwino, ganizirani za salufa, yemwenso amasowa m'minda yambiri ya m'dziko muno. Ndipo ngati mukapukuta tsamba chala chikutsala ndi fumbi ngati dzimbiri, chimenecho ndi chiwawu, feteleza sangachichiritse.

Mukatsimikiza kuti ndi njala, funso lotsatira ndi lakuti tirigu wafika pati ndipo chinyontho chilipo chotani. Ngati akadali pa msinkhu wophuka ana, mfundo yoyamba ya phesi isanakwere, mungamupulumutse. Ine ndimakonda kuyesa kaye pang'ono ndisanauze munthu kuti atulutse ndalama. Pimani kachigawo ka mamita awiri m'lifupi ndi asanu m'litali pakati pa chikasupo, muwaze yureya wokwana magalamu 100, yemwe ndi pafupifupi theka la kapu ya tiyi, dothi lili lonyowa ndipo masamba ali ouma. Pakatha masiku 7 mpaka 10 kachigawoko kadzakuyankhani kokha. Kakabiriwira, muyeso womwewo pa theka la ekala ndi makilogalamu 20. Ngati masiku akuthamanga ndipo zizindikiro n'zoonekeratu, musadikire mayesowo, thirani theka lake tsopano, lotsalalo mvula ina kapena chiperoni champhamvu chikabwera.

Apa ndichenjeze. Yureya wowazidwa pa dothi louma, makamaka pamwamba pa mapesi, amasanduka mpweya n'kuthawa, ndipo ndalama zanu zimapita naye. Amafuna mvula kapena madzi othirira oti amulowetse pansi. Mame okha sakwanira, amangomusungunula n'kumusiya pamwamba pomwepo. Ngati feteleza wa CAN akupezeka kwanuko, iye sathawa msanga chotero, koma ali ndi nayitirojeni wochepa, magawo 26 kapena 27 pa 100 pamene yureya ali ndi 46, ndiye mufunika wochulukirapo, cha m'ma kilogalamu 35. Ngati dothi lauma kale mpaka kuya kwa chikhatho ndipo mulibe pothirira, kapena tirigu watulutsa kale ngala, sungani ndalamayo. Kololani zomwe zilipo, podziwa kuti mbewu ya m'dzinja likubwerali idzadya zomwe tirigu wamanidwa.

Tsopano za kutsogolo, zomwe kwa ine ndiye nkhani yeniyeni. Kalendala ya kwanuko ndi yokomera mapesi kuposa momwe anthu amaganizira. Mumafesa mvula ikamatha, mumakolola chilimwe, ndiye pakati pa tirigu uyu ndi wotsatira pali dzinja lonse lathunthu. Mukamaliza kupuntha, bwezerani mapesi pa munda womwe anachokera, muwamwaze mofanana, ndipo musaiwale mankhusu a popunthira, omwe amaola msanga kuposa phesi. M'chilimwe sadzaola kwenikweni chifukwa dothi louma ndi lakufa tulo, chiswe chokha ndicho chimagwira ntchito. Mvula yoyamba ikafewetsa nthaka, akwirireni, uku ndiye kuojeka kumene agogo athu ankachita ndi mapesi a chimanga m'makwalala a mizere. Pamenepo dzalanipo mbewu ya gulu la nyemba. Nsawawa, nyemba kapena soya zili ndi timatuza m'mizu momwe tizilombo tina timakokera nayitirojeni kuchokera mu mpweya, choncho sizivutika kwambiri ndi njala ya mapesi. Kunena zoona, nyemba wamba ndi zaulesi pa ntchito imeneyi poyerekeza ndi soya kapena mtedza, koma zimacha m'miyezi itatu n'kukusiyirani munda pa nthawi yake, pamene soya amatha kukuchedwetsani. Masangwi ake muwasiye momwemo: iwo ndiwo ndiwo ija inasowa. Alimi akuluakulu a ku Zambia, kumadera a Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka, amene amathirira tirigu m'nyengo yozizira, ambiri amasinthanitsa ndi soya m'dzinja, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi chomwechi.

Ngati m'dzinja mumakonda kudzalapo kachewere, palibe choletsa. Mbatatayi imadya potaziyamu kwambiri, ndipo tirigu amasiya gawo lalikulu la potaziyamu wake m'phesi, osati m'njere. Potaziyamuyu sadikira n'komwe kuola, mvula imangomutsuka m'mapesi n'kumulowetsa pansi. Koma kachewere sapanga nayitirojeni wake, ndiye muonjezere feteleza.

Lamulo lomwe ambiri a ife timagwiritsa ntchito ndi ili: pa tani iliyonse ya mapesi ouma okwiriridwa pafupi ndi nthawi yodzala, onjezerani makilogalamu 5 mpaka 10 a nayitirojeni pamwamba pa muyeso wa nthawi zonse. M'chiyankhulo cha thumba, ndi yureya wa makilogalamu 11 mpaka 22. Ekala imodzi yobwezeredwa mapesi ake okha singapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a thumba. Ndipo pamene simungachitire mwina koma kukwirira tirigu ali pafupi kufesedwa, siyani masabata osachepera asanu ndi limodzi a dothi lonyowa. Ndikuti lonyowa, chifukwa masabata ouma sawerengedwa.

Kakwiriridwe kake nako n'kofunika. Dulani mapesi ndi chikwanje akhale otalika ngati chikhatho. Ndi ntchito yotopetsa, ndikudziwa, ndipo ana amaithawa, koma phesi la tirigu lili ndi khungu losalala ngati lopakidwa phula, tizilombo timalowera modulidwamo. Asakanizeni ndi dothi la pamwamba, masentimita 10 mpaka 15, momwe muli mpweya. Khasu la ng'ombe lili ndi khalidwe lotembenuza chibuma chonse n'kugoneka mapesi pansi ngati mkeka, ndipo mkeka umenewo mungaupeze ulipobe chaka chamawa. Ndi bwino kuona timapesi tina tikusuzumira pamwamba kusiyana ndi munda wooneka waukhondo koma wobisa denga pansi.

Komabe, mukandifunsa maganizo anga, kwa mlimi wa tirigu wodalira chinyontho chotsalira, kukwirira si njira yokhayo, ndipo nthawi zina si yabwino koposa. Kulima kulikonse kwa mu Malichi kumatembenuzira dothi lonyowa kudzuwa, ndipo madzi amenewo ndiwo chuma chonse cha tirigu wanu. Mapesi osiyidwa pamwamba ngati chophimbira, monga a ulimi wa mleranthaka amaphunzitsira, salanda nayitirojeni wambiri chifukwa amakhudza dothi pang'ono, amatchinga dzuwa, ndipo pa mtsetse amaswa mphamvu ya madontho a mvula. Vuto lake n'lakuti simungafese mowaza pamwamba pa chophimbira. Muyenera kukankhira mapesi pambali, kutsegula timizere, kufesa m'dothi lenileni, n'kukwirira. Komanso amazizitsa nthaka, ndiye kumalo ozizira ngati kwanu musaunjike chophimbira chokhuthala.

Njira yomwe ndimaikonda kuposa zonse, ngati muli ndi ng'ombe zokoka ngolo ija, ndi ya khola. Monga chakudya, phesi la tirigu n'losauka, ng'ombe imangodzaza mimba. Koma monga choyala m'khola ndi labwino zedi, chifukwa limamwa mkodzo, ndipo nayitirojeni wambiri wotuluka m'chiweto ali mu mkodzomo, yemwe m'makola athu ambiri amangolowa pansi pachabe. Mapesi opondedwa, onyowa ndi mkodzo, osakanikirana ndi ndowe, mukawaunjika mulu n'kuwaphimba miyezi iwiri kapena itatu, mukutembenuza apo ndi apo, njala yawo yonse imathera pa muluwo. Chopita kumunda chimakhala chokhuta kale. Opanda ziweto angathe kupanga manyowa a chimato kapena a m'dzenje, kusanjika mapesi ndi masamba aawisi a nyemba, deliya kapena gliricidia, ndi kuwaza madzi. Chisakasa chanu chija chikanakhala dzenje la manyowa, kalata yanu ikanakhala ina.

Ndisakunamizeni kuti mukatsata zonsezi matumba awirikiza chaka chamawa. Dothi la pamwamba la ekala imodzi, kuya masentimita 20, limalemera matani pafupifupi 1,000. Inu mukuonjezerapo mapesi osakwana tani imodzi pa chaka, ndipo pakutha pa chaka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kaboni wake amakhala atapumidwa ndi tizilombo n'kubwerera mu mpweya. Chotsala ndi kadontho. Ku Rothamsted, ku England, kuli munda wotchedwa Broadbalk womwe akhala akulimapo tirigu ndi kuyeza nthaka kuyambira 1843, ndipo phunziro lalikulu la minda yoyesera ya mtundu umenewu n'lakuti chonde cha nthaka chimasintha pa zaka makumi, osati pa nyengo imodzi. Kumeneko alimi ankatentha mapesi kwambiri mpaka boma linaletsa mu 1993, ndipo tirigu sanathe. Anaphunzira kudula, kumwaza ndi kusakaniza. Chomwe mudzayambe kuona inu, mwina m'chaka chachitatu kapena chachinayi, si matumba ayi koma khasu lolowa mosavuta, nyongolotsi pa chibuma chilichonse, madzi olowa m'malo mothamanga, ndi tirigu wokhalabe wobiriwira masiku angapo wa anzanu atayamba kufota mu Juni. Kwa mbewu yodalira chinyontho chotsalira, masiku angapo amenewo ndiwo amadzaza njere.

Pali mbali ina imene olimbikitsa mapesi sakonda kuitchula, ndiyo ya matenda, ndipo m'kalata yanu muli chinthu chomwe chandidetsa nkhawa kuposa chikasucho: mapesi a tirigu ndi a chimanga mwawabwezera pansi pa tirigu. Nkhungu zina zoyambitsa mawanga a masamba zimagonera m'mapesi a tirigu kudikira mbewu yotsatira. Ndipo nkhungu ya Fusarium, yomwe imaoletsa zisononkho ndi mapesi a chimanga, ndi yomweyonso imagwira ngala za tirigu pa nthawi ya maluwa kukakhala chinyezi, monga masiku a chiperoni. Ngala imayera mbali ina isanakhwime, nthawi zina pamaoneka kankhungu kofiirira, njere zimakhala zofwapa ndi zotuwa, ndipo zimakhala ndi poizoni wosanzitsa anthu ndi nkhumba, yemwe satha ndi kuphika. Pa nkhani imeneyi kukwirira kumaposa kuphimbira, chifukwa phesi loola pansi silingauluze nkhungu, pamene lokhala pamwamba limatero. N'chifukwa chake ndikuumirira pa kasinthasintha: tirigu, kenaka nyemba kapena kachewere, osati tirigu pa mapesi a tirigu kapena a chimanga osaola.

Chiwawu chokha musachinamizire mapesi. Nkhungu yake imakhala pa mbewu yamoyo basi, phesi likauma nayo imafa, ndipo imabwera ndi mphepo kuchokera kutali. Kutentha munda sikuchiletsa. Chomwe chimachisunga ndi tirigu womera yekha m'dzinja kuchokera ku njere zotayika, ndipo mukabwezera mankhusu m'munda ameneyu adzamera ndithu. Muzuleni akadali wamng'ono. Udzu woipa nawonso umayenda ndi mapesi ngati unamwetedwa uli ndi njere, ndiye mapesi a pa chigawo cha thengo ndi bwino adutse kaye pa mulu wa manyowa wotentha bwino. Ndipo chigawo chomwe chinadwaladi, mapesi ake achotseni, muwatenthere kunja kwa munda. Pamenepo moto ndimauvomereza.

Za chiswe anthu amandifunsa kulikonse. Chiswe chimakonda chouma, ndipo m'minda yomwe ndaiona chikakhala ndi mapesi oti chidye sichithamangira mbewu yamoyo, kupatula yofooka kale ndi ludzu. Njira zake zimathandizanso madzi kulowa. Mdani weniweni wa mapesi osiyidwa m'munda m'chilimwe ndi ziweto zongotayirira ndi anyamata osaka mbewa ndi moto. Imeneyo si nkhani ya sayansi, ndi ya kwa amfumu. Lambulani m'mbali mwa munda, ndipo ngati m'mudzi mwanu mulibe lamulo la moto ndi ziweto, tutani mapesiwo mupite nawo kukhola kapena kudzenje.

Nthawi yoitana alangizi a boma a m'dera lanu ndi iyi. Ngati kachigawo koyesera kaja sikasintha pakatha masiku 10 dothi lili lonyowa, vuto si nayitirojeni yekha. Nthaka zambiri za kumapiri a mvula yochuluka zili ndi asidi, yemwe amafupikitsa mizu, kumanga fosiforasi, ndi kuchedwetsanso kuola kwa mapesi. Alangizi angakuthandizeni kutenga dothi moyenera n'kulitumiza kokayeza ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, ndipo musathire laimu mongoganizira musanayeze. Aitaneninso msanga mukaona fumbi la dzimbiri likufalikira, kapena mizu yakuda yoola, mbewu ikuzuka mosavuta. Koma chofulumira koposa ndi ngala zoyera zopanda njere, phesi likadali lobiriwira. Kupatula Fusarium, kuli nthenda ina yoopsa youmitsa ngala, yomwe inayambira ku Brazil mu 1985, inafika ku Bangladesh mu 2016, ndipo inapezeka ku Mpika m'dziko la Zambia m'nyengo ya 2017 ndi 2018. Imayenda ndi mbewu komanso mphepo, ndipo ndi diso lokha n'kovuta kuisiyanitsa ndi Fusarium. Mukaona zotere musasunge mbewu ya pamenepo, musagawire anzanu, ndipo njere zofwapazo musadye kapena kupatsa ziweto. Dulani ngala zingapo muziike mu envulopu ya pepala, osati m'jumbo momwe zimachita thukuta n'kuola, mulembepo tsiku ndi dzina la mbewu, mukapereke kwa alangizi.

Pa theka la ekala lija, mukakolola musalimenso mozama ndipo musaonjezerepo mapesi ena chaka chino, alipo okwanira. Mvula ikagwa dzalanipo nyemba kapena nsawawa. Mapesi atsopano muwagawe patatu: ena abwerere pa munda wawo n'kukwiriridwa ndi mvula yoyamba, ena apite kukhola, ndipo mzere umodzi kapena iwiri muusiye wopanda mapesi konse kuti mukhale ndi poyerekezera. Mayi a kunyumba muwatenge tsiku lokumba ndi tsiku lowaza yureya pa kachigawo koyesera, aone ndi maso awo, ndipo pakatha masiku 10 mundilembere kuti masamba a pansi ndi a pamwamba akuoneka bwanji.